Uthenga Umene Ndinatumiza Popanda Chilolezo

Ana anga Rosa, Mateyu ndi Dominga, za ubwana wanga ndazilumpha dala, chifukwa mayi anu anakufotokozerani kale, ndipo anazikometsa kuposa mmene zinalili. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Munakula mukundiona ndikupalasa njinga kulowera kumtsinje, koma sindinakhale nanu pansi kukuuzani zimene ndinkakachita kumeneko. Tsopano nthawi ndili nayo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Chiromo

Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza madzi pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. M'mphepete mwa mtsinje munazikidwa zitsulo zolembedwa manambala, china pamwamba pa chinzake ngati makwerero, ndipo tinkazitcha geji. Ndinkatsika m'mawa ndi madzulo kukawerenga pomwe madzi alekeza, n'kulemba m'buku. Wondiyang'anira anali Bambo Kachere, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankabwera pa sitima kamodzi pamwezi atavala jekete ngakhale mu Okutobala, pamene mbalame zimachita kuyasama m'mitengo chifukwa cha kutentha. Mwezi wanga wachitatu, ng'ona inazolowera kuothera dzuwa penipeni pa geji. Masiku anayi sindinatsike. Ndinkaima patali n'kubwereza nambala ya dzulo lake. Bambo Kachere atatsegula buku lija anangoyang'ana kamodzi.

"Nthole, Shire wakoyu anagona masiku anayi osatembenuka?"

Ndinaulula. Sanandikalipire. Anatenga pensulo, anadula manambala anayi aja, n'kulemba m'mbali kuti: sanawerenge, panali ng'ona. Kenako anati, "Malo osalembedwa ndi abwino kuposa nambala yabodza. Kuli munthu ku Blantyre amene adzamange mlatho potengera nambala yakoyi, ndipo nkhope yako sadzaiona."

Kusowa kwa zipangizo kunali ngati m'bale wathu. Mabuku akatha tinkalemba pa mapepala a matumba a simenti. Wailesi yolankhulirana ndi ofesi inalipo, koma batire yake inkafa kawirikawiri kuposa mmene inkagwirira ntchito. Komabe Chiromo ndimaikumbukira ndi mtima woyamika, pakuti ndi komweko ndinakumana ndi mayi anu, atangowoloka ndi makolo awo kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Chisena changa chinali chopunduka, ndipo iwo ndiwo anachiwongola, akuseka.

Zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake, ku Ndamera ndi ku Bangula

Anandisamutsira ku Ndamera, komwe ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi, kenako ku Bangula, komwe anandikweza kukhala woyang'anira oyeza madzi a chigawo chonse. Kaofesi kathu kanali chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ndipo fungo la nsomba zouma linkalowa mpaka m'mafayilo. Masiku amenewo madzi akamakwera, chenjezo linkayenda pa njinga, pa bwato ndi pakamwa. Chaka china ndinalemba kalata yochenjeza anthu a kwa Mlolo, kutsidya kwa Shire, kumene nthaka ndi yotsika. Amene anaitenga anakapeza anthu ali kale m'mitengo, ana atamangiriridwa kunthambi ndi zitenje. Anabwera nayo kalatayo ili yonyowa, yosatsegulidwa. Chinthu chimenecho sindinachiiwale zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake makina atafika sindinawade ngati mmene anzanga ena achikulire anachitira.

Zaka zisanu ndisanapume, makina afika

Anabwera nawo ndi Mayi Nankhoma, injiniya amene anali bwana wanga womaliza. Anali a msinkhu wako Rosa, koma mutu wawo unali wokhwima. Bungwe lina mogwirizana ndi kampani ya kunja linamangirira timabokosi pa milatho ya Ruo ndi Shire. Kabokosi kalikonse kanali ndi sola yake ndi simu khadi yake, ndipo kankayeza madzi kokha n'kutumiza manambala ku makompyuta a kutsidya kwa nyanja. Kumeneko nzeru za makina, zimene inu mumazitcha AI, zinkaphatikiza manambalawo ndi za mvula n'kulosera kuti madzi afika pati, nthawi yanji. Ife ku Bangula tinkaona zonsezi pa kompyuta, ndipo kungodina kamodzi, uthenga unkapita m'mafoni a anthu a m'midzi yonse.

"Ndiye ife geji tiisiye, mayi?" ndinafunsa tsiku loyamba.

"Ayi, Bambo Nthole. Makinawa amaona kutali, koma sadziwa kuti namasupuni ndi chiyani. Zomera zoyandamazi zikaunjikana pansi pa kabokosi, makinawo adzati madzi akwera. Maso anu tikuwafunabe."

Ine ndi amene ndinayenda m'midzi kulemba manambala a mafoni. Anthu ankandipatsa mosavuta chifukwa ankandidziwa. Munthu mmodzi yekha ndiye anandiimitsa: Mayi Nsaila, wapampando wa komiti yoona za ngozi kwa Mlolo, mlimi wa mpunga ndi mbatata, mayi wosaopa kufunsa.

"A Nthole, manambala athuwa akakhala kuti? Akawasunga ndani? Nanga makinawo akanama, tikadandaula kwa yani?"

"Ali m'manja abwino, mayi," ndinayankha. Zoona zake n'zakuti sindinkadziwa. Panalibe pepala lililonse lonena mwini wake wa manambalawo, amene ali ndi ufulu wotumiza chenjezo, kapena woyankha mlandu zinthu zikalakwika. Tonse tinali otengeka ndi kukongola kwa chinthu chatsopano. Ndipo zaka ziwiri zoyambirira chinagwiradi ntchito bwino, moti anthu anasamutsa ziweto kawiri madzi asanafike.

Chaka chachitatu cha makina

Apa ndilembe cholakwa changa ndi dzanja langa. Pasiwedi yolowera m'makinawo inali imodzi ya ofesi yonse, yayitali, ya zilembo ndi manambala osakanikirana. Mutu wanga unkakana kuisunga, ndiye ndinailemba pa kapepala n'kukamata kuseri kwa kalendala. Mu ofesi imeneyo munkalowa aliyense: oyendetsa galimoto, odzatchaja mafoni, odzathawa dzuwa.

Tsiku lina la msika, chakumasana, foni yanga inalira. Anali Mayi Nsaila, akupuma mwawefuwefu.

"A Nthole, tanyamuka! Koma bwanji mwatiuza mochedwa chonchi? Ola limodzi lokha?"

"Mwanyamuka kupita kuti, mayi?"

"Kumtunda! Uthenga wanu ukuti madzi afika pakatha ola limodzi, tisiye zonse, ngakhale ziweto."

Ine sindinatumize kanthu, Mayi Nankhoma anali ku Blantyre, ndipo mtsinje unali phee. Wina analowa m'makina athu ndi pasiwedi yathu n'kutumiza bodza m'dzina lathu. Pamene ndinkatumiza uthenga wotsutsa, midzi inali itakhuthuka kale. Anthu atabwerera madzulo anapeza makola a mbuzi ali pululu, ng'ombe zina zitakusidwa, masola atazulidwa pa madenga. Chondipweteka koposa chinali cha a Tchale, bambo wachikulire amene ana ake anamukweza pa ngolo mothamanga. Ngoloyo inagubuduka pa khwawa, iwo anathyoka chiuno, ndipo sanayendenso.

Apolisi anabwera, koma wapolisi wake anandiuza mosabisa kuti, "Lamulo loletsa kulowa m'makompyuta a eni lilipo, bambo, koma tigwira yani? Umboni wa amene analowa uli kunja kwa dziko." Kampani ija inati singapereke umboniwo popanda makalata a makhoti a kwawo. Inatinso makina ake ndi ongolangiza, kusunga pasiwedi ndi udindo wathu. A mafoni anati iwo ndi onyamula chabe, ngati kondakitala amene safunsa za m'thumba. Bungwe lija linali litatseka ntchito yake n'kupita. Aliyense anasamba m'manja, ndipo wakubayo sanapezeke mpaka lero.

Ndinapita ndekha kwa Mayi Nankhoma ndi kapepala kaja m'manja. Anakayang'ana, kenako anati:

"Mwalakwa, Bambo Nthole. Koma inenso ndalakwa, pokupatsani kiyi wa mudzi wonse osakuuzani kuti ndi kiyi."

Akuluakulu a ku ofesi yaikulu anakhazikitsa lamulo lolimba. Pasiwedi inasinthidwa, n'kukhala ndi anthu awiri okha, Mayi Nankhoma ndi ine. Uthenga uliwonse usatuluke pokhapokha Mayi Nankhoma avomereze, komanso mkulu wa ku ofesi yaikulu asayine. Wophwanya achotsedwe ntchito. Ndinalivomereza lamulolo ndi mtima wonse, chifukwa ndinkadziwa chimene chinalibereka. Koma kwa Mlolo anthu anasiya kundipatsa moni. Ena ankafufuta mauthenga athu osawerenga.

Dzinja lotsatira

Linali Lachinayi m'mawa, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuotcha kale. Nditayatsa kompyuta ndinapeza chigawo chonse cha Mlolo chili chofiira. Makinawo ankati madzi aakulu akutsika ndi Ruo kuchokera ku mapiri a Mulanje, ndipo afika pasanathe tsiku limodzi. Ndinaimbira woyeza madzi wa pa Chiromo, iye anati geji ili pomwe inali dzulo. Ndinakhala pansi. Kodi ndi namasupuni? Kodi wina walowanso m'makina, ulendo uno kuti atipusitse ifeyo titumize bodza ndi manja athu?

Ndinakumbukira a Mwahara, mnzanga wakale amene anapuma pa ntchito yomweyi ndipo amakhala kumtunda kwa Ruo. Ndinawaimbira kuwapempha kuti akaone mtsinje. Patapita kanthawi anandiimbira ali pa mlatho.

"Achimwene, ine sindiyankhula. Tamverani nokha."

Anatembenuzira foni kumtsinje. Ndinamva mkokomo ngati wa sitima ya katundu, ndi kugunda kwa mitengo pa zipilala. Kenako mawu awo anabwerera: "Mvula yagwa m'phiri masiku atatu osakata. Chikhalireni kuno madzi otere ndawaona kawiri kokha."

Ndinaimbira Mayi Nankhoma. Anali ku maliro a amalume awo, kumudzi kopanda netiweki. Ndinayesa kasanu. Ndinaimbira ku ofesi yaikulu, anandiyankha kalaliki kuti mkulu wosayina ali ku msonkhano ndipo mafoni anasiyidwa pakhomo.

"Ndiye wachiwiri wawo asayine," ndinatero.

"Lamulo silitchula wachiwiri, Bambo Nthole. Lembani kalata, akatuluka aiona."

"Atuluka nthawi yanji?"

"Mwina madzulo. Mwina mawa."

Kunali kutatsala chaka chimodzi ndi miyezi kuti ndipume. Iwe Dominga unali usanamalize sukulu. Ndinadziwa kuti ndikadina, ntchito ya moyo wanga wonse ikhoza kuthera pa kalata imodzi yochotsedwa. Ndinadziwanso kuti makinawo akhoza kulakwitsa njira ya madzi, anthu n'kuthawanso pachabe chifukwa cha ine, kachiwiri. Ndinapalasa njinga kupita kunyumba, ndinapeza mayi anu akupeta mapira. Nditawafotokozera, sanasiye kupeta.

"Inu mwabwera kudzafunsa ine, kapena mwabwera kudzatsanzika?" anatero. "Tengani chipewa, dzuwali ndi loopsa. Akakuchotsani tidzalima thonje."

Ndinabwerera ku ofesi n'kulemba uthengawo m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Sindinabisale kumbuyo kwa dzina la ofesi. Ndinalemba kuti: Ndine Luwisi Nthole wa ku Bangula. Madzi akubwera ndi Ruo. Muli ndi nthawi, musathamange, tengani ziweto ndi okalamba. Wokayika andiimbire. Ine ndikubwera komweko. Ndinadina. Kenako ndinalembera Mayi Nankhoma ndi ofesi yaikulu kuti ndaphwanya lamulo nthawi yakuti, pa zifukwa zakuti, ndipo ndinatseka ofesi.

Ndinawoloka pa bwato, n'kukwera kabaza. Foni sinapume njira yonse. Ena ankafunsa, ena ankatukwana. Ndinafika kwa Mlolo dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinapeza anthu ataunjikana pa bwalo la tchalitchi, palibe amene wamanga katundu. Mayi Nsaila anaima patsogolo, manja m'chiuno.

"A Nthole, chaka chatha uthenga wanu unatidyera mbuzi. Lero kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Tikhulupirire chiyani?"

"Musakhulupirire foni, mayi. Khulupirirani kuti ndabwera. Chaka chatha pasiwedi inabedwa chifukwa cha kusasamala kwanga, ndipo sindinabwere kudzakuuzani pamaso. Ndikupepesa. Lero ndikhala nanu pano. Madzi akapanda kubwera, simuvutika kundifunafuna."

Ndinaimbiranso a Mwahara n'kukweza mawu a foni kuti onse amve mtsinje uja. Mwamuna wina, mwana woyamba wa a Tchale, anakana m'Chisena: "Nkhabe! Bambo anga sindiwakwezanso pa ngolo chifukwa cha munthu uyu." Ndinapempha kuti andiperekeze kwa bambo akewo. Ndinawapeza atagona pa mphasa pakhonde, miyendo itaonda ngati bango. Ndinagwada. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha, la munthu wodziwa mtsinje.

"Madzi a pa Chiromo asintha mtundu?"

Ndinaimbira woyeza uja. Anati geji yakwera pang'ono chabe, koma madzi a Ruo ayamba kufiira, ndipo akubwera ndi zinyalala za nthochi.

"Nthochi kuno kulibe zoti n'kudzaza mtsinje," anatero a Tchale. "Zimenezo ndi za kumapiri. Ndinyamuleni. Koma ngolo ayi."

Tinawanyamula pa chitseko, anthu anayi, ine ndili kutsogolo kumanja. Anthu ataona a Tchale akupita, anayamba kumasula mbuzi. Mayi Nsaila anagawa amuna oti atsale m'mabwato kulondera midzi kuti za chaka chatha zisabwerezeke. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa sukulu ya kumtunda. Dzuwa linalowa madzi asanabwere, ndipo ndinkamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga. Palibe amene anandipatsa chakudya kupatula a Tchale, amene anandinyemera mbatata yawo.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, olondera aja anafika akupalasa mabwato pamwamba pa minda imene tinadutsamo wapansi dzulo lake. Madzi anali atalowa mwakachetechete, ofiira ngati dothi la kumapiri, ndipo pofika masana nyumba zambiri zinkangooneka madenga. Mbewu zinapita, nyumba zinagwa, ndipo mabanja ena amene anakana kusamuka anachita kukatsitsidwa m'mitengo. Koma m'midzi imene Mayi Nsaila ankayang'anira sitinaike maliro. Iwo anabwera pomwe ndinakhala, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena mawu amodzi okha othokoza a Chisena: "Takhuta, baba."

Chaka changa chomaliza

Kalata yochokera ku ofesi yaikulu inandipeza patatha milungu iwiri. Anandiitana kukayankha mlandu wotumiza uthenga popanda chilolezo. Mkulu uja sanali munthu woipa, ndipo funso lake linali lomveka.

"Bambo Nthole, ulendo uno mwalondola. Nanga wina wa mtsogolo akadzatengera inu, n'kulakwitsa? Lamulo lidzakhala la chiyani?"

Ankanena zoona. Amene anayankha ndi Mayi Nankhoma. Anati lamulo limene limadalira munthu mmodzi kukhala pafupi ndi foni silinamalizidwe kulembedwa, ndipo madzi sadikira msonkhano. Sanandichotse. Anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo Mayi Nankhoma anaisayina misozi ili m'maso.

Miyezi yotsatira ankanditenga ku misonkhano yokonza malamulo atsopano oyendetsera makinawa. Kunkakhala maloya, akatswiri a makompyuta ndi anthu a mawu a Chingerezi aataliatali. Ine ndinaumirira kuti Mayi Nsaila akhalepo, ndipo anafika ndi mafunso awo atatu omwe aja. Zina zinatheka. Aliyense anapatsidwa pasiwedi yakeyake, kuti wolowa azidziwika. Wosayina akasowa, pali wachiwiri ndi wachitatu, ndipo onse akasowa, woyang'anira wa pamalo angathe kutumiza atatsimikiza ndi munthu amene waona mtsinje ndi maso. Makomiti a m'midzi anapatsidwa nambala yoimbira kuti atsimikize uthenga asanasamutse anthu. Koma zina zinatikanika. Manambala a anthu a kwa Mlolo akadali m'makompyuta a kunja, ndipo funso loti makina akalakwitsa woyankha mlandu ndani ndinalisiya likukankhidwa kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Iwe Mateyu, amene umagwira ntchito ya makompyuta, funso limenelo ndi la mbadwo wako. Mukamalikambirana m'maofesi ozizira, muzikumbukira kuti kumapeto kwa waya wanu kuli munthu amene anyamule bambo ake pa chitseko.

Ndikayang'ana m'mbuyo, ndilibe chodandaula. Ndinapatsidwa mabwana awiri amene anandidzudzula osandinyoza, mnzanga amene anayenda wapansi kupita pa mlatho chifukwa choti ndamupempha, ndi anthu a kwa Mlolo amene anandikhululukira pamene anali ndi chifukwa chokwanira chondithamangitsira. A Tchale anamwalira chaka chathachi, ndipo ana awo ananditumizira uthenga kuti ndikakhale nawo ngati wachibale.

Tsiku langa lomaliza, Mayi Nankhoma anabwera ku Bangula ndi fayilo yanga. Anatulutsa kalata ya chenjezo ija n'kuiika pa tebulo.

"Ndakambirana ndi akuluakulu. Avomera kuti tiichotse, mupume ndi mbiri yoyera."

Ndinaiwerenganso yonse, mpaka pa sayini yawo.

"Isiyeni momwemo, mayi. Lamulo ndinaphwanyadi, ndipo wobwera pambuyo panga adziwe kuti kutero kuli ndi mtengo wake. Koma kumbuyo kwake mumatepo tsamba la malamulo atsopano aja, kuti adziwenso kuti iye safunikanso kuphwanya."

Anatenga sitepula, anaphatikiza mapepala awiriwo, ndipo anandilola kuti sitepulayo ndiidine ndine.